Tisungeni Awayang'ana Agogo M'maso

1. Munthu wosayankha moni

Ku Chinyonga kunalibe amene sankawadziwa a Paston Mulaviwa. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, koma iwo anabadwira mu Limbe momwemu, ndipo anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale ina yoluka nsalu. Komabe chimene chinawatchukitsa si nsaluzo ayi. Unali unkhoswe.

Mwamuna ndi mkazi akayambana, a Mulaviwa ankawakhazika pansi n'kuwamvetsera mpaka aliyense mawu atamuthera. Iwo ankayankhula pomalizira, ndiponso pang'ono. Mabanja ambiri amene lero mumawaona akuyenda limodzi ku Chichiri akanatha kalekale pakanapanda makutu a bambo amenewa.

Koma kwa zaka ziwiri tsopano zinthu zinali zitatembenuka. Munthu ankawapatsa moni panjira, iwo n'kungodutsa ngati palibe wayankhula. Kutchalitchi ankayamba ndime ya nyimbo anzawo akuimaliza. Wailesi yawo inkalira mwakuti nyumba zitatu zoyandikana nawo zinasiya kuyatsa zawo.

Pakamwa pa anthu mumapadziwa. Ena ankati madalawo ayamba matama chifukwa mng'ono wawo amakhala kumayadi ku Namiwawa. Ena ankati mutu wayamba kubalalika. Panalinso ena amene ankanong'ona zoipa kuposa pamenepa, zija anthu opanda chisoni amakonda kunamizira okalamba.

M'nyumbamo ankakhala ndi anthu atatu. Panali mwana wawo, mayi Martha, amene ankagwira ntchito muofesi ina m'tauni. Panali Tisungeni, mwana wa a Martha, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anali Fomu 3. Ndiye panali Stacy, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Mulaviwa, amene anali pa chibwenzi ndi Melvin, mnyamata wa ku Soche. A Mulaviwa, monga malume wamkulu, ndiwo anali ankhoswe a Stacy.

Inali nyumba ya ulemu, ndipo mayi Martha ndiwo ankaulondera ulemuwo.

"Tamvera iwe Tisu," ankatero pafupifupi sabata iliyonse. "Ukamayankhula ndi agogo ako uzigwada chapambali, maso pansi, mawu otsika. Munthu wamkulu sitimutong'olera maso ngati mnzako wa m'kalasi. Mwana wokweza mawu pamaso pa akulu amatukwanitsa mayi ake. Anthu sadzati Tisungeni ndi wamwano, adzati Martha sanalere. Zimene mumaonera pafoni zija, mwana akuyankha bambo ake ataimirira, manja ali m'chiuno, zizithera pageti. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo m'nyumba ya bambo anga muno simudzalowa chipongwe ine ndili moyo."

Tisungeni ankamvera. Onse ankamvera. Koma katswiri anali Stacy. Akagwada pambali pa amalume ake, mawu ake ankamveka ngati udzudzu uli kutali.

M'mwezi umodzi wokha Tisungeni anamuona katatu konse atagwada choncho, akuyankhula motalika, maso ali pasimenti. Maulendo onse atatu agogo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zili bwino, mwana wanga. Zili bwino." Ndipo Stacy ankadzuka n'kukadzitsekera kuchipinda.

2. Galimoto ya ku Namiwawa

Lolemba loyamba la tchuthi, galimoto yoyera inaima pageti. Munatuluka a Kingsford, mng'ono wa a Mulaviwa. Anali munthu wa m'maofesi, wovala taye ngakhale kukutentha. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali kukonda kukonza zinthu mwachangu asanafunse eni ake.

Anapereka moni kwa achimwene awo, amene anali pakhonde akupolisha nsapato zawo zakuda. Kenako anakhala pampando wina pakhonde lomwelo n'kuyamba kuyankhula ndi mayi Martha motsitsa mawu. Tisungeni anali atagwada akuthira tiyi, choncho zonse zinalowa m'khutu mwake.

"Martha, Loweruka la sabata ya mawa a kuchimuna akubwera kudzapangana tsiku la chinkhoswe. Unaona wekha zimene zinachitika ulendo watha uja. Anthu akufunsa za tsiku, achimwene akuyankha za mipando ndi matenti. Amalume ake a Melvin anachita kuyang'ana kumbali kuti asaseke. Anthu a ku Soche aja ndi ophunzira, tisadzichotse ulemu."

"Ndiye titani, bambo aang'ono?"

"Msonkhano uchitikira kwanga. Alendo ndawauza kale. Pampando wa ankhoswe ndikhalapo ine. Achimwene tidzawauza zonse zitatha. Akalamba, apume."

Mayi Martha anayang'ana pansi. Sanavomere, komanso sanakane.

Tisungeni anaponya diso kwa agogo ake. Anali akumwetulira, akutembenuza nsapato ija padzuwa kuti aone ngati yawala. Kenako anayankhula mokweza, monga ankachitira masiku amenewo.

"Kingsford! Nsapato za Loweruka lija ndi izi. Jekete ili kwa telala ku Limbe, ndikaitenga mawa. Mwana wa mlongo wathu timuperekeze mwaulemu."

"Inde, achimwene," anatero a Kingsford, maso ali m'kapu.

Tisungeni anamva chisoni chachikulu, ndipo pamwamba pa chisonicho panabwera mkwiyo. Munthu amene anathera moyo wake wonse kumvetsera anzake ankachotsedwa pampando iye ali pomwepo, akupolisha nsapato.

3. Kondakitala wopanda mwambo

M'mawa mwake mayi ake anamutuma Tisungeni kuti aperekeze agogo ku Limbe. Anakwera minibasi kumsewu waukulu. Kondakitala wake anali wa gulu lija limene mayi Martha ankati silinaleredwe: bambo wandevu, chipewa chotembenuza, mawu ngati hutala. Atayandikira msika, anaweramira kwa agogo, nkhope yake pafupi ndi yawo.

"Madala! Mukutsika pati? Padepoti kapena pamsika?"

"Pamsika, mwana wanga," anayankha agogo nthawi yomweyo. "Koma unditsitse ndili wamoyo. Dalaivala wakoyu akuyendetsa ngati wasiya nyemba pamoto."

Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Tisungeni yekha ndiye sanaseke. Panali patapita miyezi yambiri asanamve agogo ake akuyankha molunjika choncho.

Kwa telala zinali chimodzimodzi. Telalayo anali munthu wolongolola, ndipo powayesa jekete anaima kutsogolo kwawo kwenikweni. Anacheza za mpira, za mvula, ndi za anzawo a kufakitale amene anatisiya. Agogo sanaphonye yankho ngakhale limodzi. Ndipo Tisungeni anaona chinthu china. Maso a agogo sankachoka pamilomo ya telalayo.

Pobwerera anayesa. Ali pambali pawo, maso pansi monga anaphunzitsidwira, anati, "Agogo, jekete ija yakukhalani bwino."

Agogo ankangoyang'ana kutsogolo.

Apa nkhani yonse inamuonekera poyera. Mutu wa agogo unali bwinobwino, ndipo matama analibe. Makutu ndiwo anali atafooka. A m'nyumba mwawo, ndi ulemu wawo wonse uja, ndiwo ankawabisira milomo ndi mawu omwe. Amene ankatha kucheza ndi agogo ake anali makondakitala ndi matelala okha.

4. Maso m'mwamba

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, agogo anali pakhonde ndi wailesi yawo. Mayi Martha anali atangoweruka kuntchito, akuanula zovala pachingwe.

Tisungeni anapita n'kuzimitsa wailesiyo. Kugwada anagwada ndithu, koma osati pambali. Anagwada kutsogolo kwenikweni, n'kudzutsa mutu, n'kuwayang'ana agogo ake m'maso. Mawu anatuluka omveka.

"Agogo, mukundimva?"

A Mulaviwa anadzidzimuka. "Ndikukumva. Iii, kodi uli ndi mawu iwe?"

"Tisu!" Mayi Martha anaponya zovala m'beseni. "Wapenga kodi? Tsitsa maso amenewo msanga!"

Tisungeni sanacheuke. Ankadziwa kuti akangocheuka, mphamvu zimuthera.

"Agogo, makutu anu samva bwino. Tikamayankhula chapansipansi titawerama, inu simutimva. Tiyeni tipite kuchipatala akakuoneni."

A Mulaviwa anamuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Mayi Martha anali atafika kale pakhonde kuti amudzutse, koma bambo awo anakweza dzanja.

"Musiye, Martha. Musiye. Zaka ziwiri m'nyumba muno ndimangoona mitu yowerama. Ndinkati mwatopa nane. Ndinkati mumanong'onezana dala kuti nkhalambayi isamve. Ndiye ndimangoti zili bwino, zili bwino, kuopa kukutopetsani ndi mafunso."

Mayi Martha anagwira pakamwa.

"Koma za kuchipatalazo ayi," anapitiriza agogo. "Kuchipatala kumapita odwala. Ine ndi ukalamba basi, ndipo ukalamba ulibe jakisoni. Makutu ndimatokosa ndekha ndi nthenga ya nkhuku m'mawa uliwonse. Ndi oyera."

Povuta penipeni panali apa. Tisungeni anayang'ana kwa mayi ake. Mayi ake anapukusa mutu, maso akuchonderera kuti asanene. Iye anabwezera maso kwa agogo ake.

"Agogo, msonkhano wa anti Stacy ausamutsira ku Namiwawa. Inu akufuna kukusiyani. Akuti mutu wanu sukugwira. Koma ine ndaona ku Limbe kuti mutu wanu uli bwino."

Agogo anayang'ana jekete ija, imene inali yokoleka pachitseko m'pepala lake la pulasitiki. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mayi Martha anamukokera mwana wawo kuseri kwa nyumba.

"Wachita chiyani iwe? Nkhani za akulu wazitola pothira tiyi, lero wakazitula pamaso pa mwini wake? Ukudziwa kuti ukhoza kudanitsa anthu a mimba imodzi? Bambo aang'ono akamva adzati Martha ndiye wamutuma. Ndipo munthu wamkulu sauzidwa kuti samva, ngakhale zitakhala zoona. Timangomusunga, kumulemekeza mpaka tsiku lake. Wawachititsa manyazi agogo ako, Tisu. Akakana kudya lero, udziwe kuti ndi iweyo."

Tisungeni analira. Ndipo chakudya cha madzulo agogo sanadyedi.

Koma kutacha, iye akusesa pabwalo, anamva chitseko chikutseguka. Agogo anali atavala malaya oyera, chipewa chili kumutu, buku la kuchipatala lili m'manja.

"Siya tsachelo," anatero. "Wayamba ndiwe, umalizenso ndiwe. Tiye."

5. Kathochi ka a Tamandani

Chipatala chaching'ono cha m'deralo chinali chodzaza ndi amayi obwera ndi ana kusikelo, komanso achikulire odzatenga mankhwala a bipi. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa linakwera. Dzina la agogo litaitanidwa, Tisungeni ndiye anawagwira paphewa.

M'chipindamo munali dokotala wachizimayi, wamfupi, wamagalasi, dzina lake a Tamandani. Tisungeni atangofotokoza vuto, mayiyo anachita zinthu zimene zinamusangalatsa kwambiri. Anatseka zenera loyang'ana kumsewu. Anakoka mpando wake n'kukhala maso ndi maso ndi agogo, pamalo owala bwino. Sanakuwe. Ankangoyankhula momveka, mosathamanga, ndipo mafunso onse ankafunsa agogo eni ake, osati mdzukulu.

Anafunsa kuti vutoli linayamba liti, ngati m'makutu mumatuluka mafinya, ngati mumalira, ngati amamva chizungulire. Anafunsa mankhwala amene amamwa ndi ntchito imene ankagwira. Anawayeza bipi ndi shuga. Kenako anatenga kachipangizo kokhala ndi kathochi kumutu n'kusuzumira m'khutu lililonse.

"Bambo, mumatokosa ndi chiyani?"

"Nthenga ya nkhuku. Ikasowa, kamtengo ka machesi."

"Ntchito yanu ndaiona," anatero a Tamandani akuseka. "Mwakhala mukutsendera phula la m'khutu ngati wogulitsa makala akudzaza thumba. Makutu onse awiri atsekeka."

Agogo anaseka, koyamba chichokere dzulo lake.

"Tsono ndimvetsereni, bambo. Khutu limadziyeretsa lokha, phula limatuluka lokha pang'onopang'ono. Mukalowetsa nthenga, machesi kapena thonje, mumalikankhira m'kati, ndipo mukhoza kuboola kachikopa kamene kamatithandiza kumva. Musathiremonso mafuta otentha kapena madzi a masamba amene anthu amalangizana. Ndikupatsani mankhwala odontheza. Muzidontheza masiku asanu kuti phulalo lifewe, ndiye mubwere Lolemba tidzatsuke. Koma ndisakunamizeni, vuto si phula lokha. Zaka makumi atatu m'phokoso la makina, kuphatikiza ukalamba, sizidutsa chabe. Tikatsuka m'pamene tidzadziwe chimene chatsala."

Masiku asanu amenewo Tisungeni sanaphonye. M'mawa ndi madzulo ankawagoneka agogo chammbali n'kudontheza mankhwala, khutu ili kenako linalo. Mayi ake sankamuyankhulitsa kwenikweni. Koma Lolemba litafika, mayi Martha anapempha chilolezo kuntchito n'kumanga chitenje.

"Anthu angati a Mulaviwa alibe mwana," ndi zokhazo zimene ananena.

A Tamandani anatsuka makutuwo ndi madzi ofunda, mosamala. Zimene zinagwera m'kambale sitizifotokoza pano, poti ena a inu mumawerenga mukudya.

Agogo anakhala tsonga. Anatembenuza mutu uku ndi uku.

"Kodi pali mwana akulira?"

"Ali panja, kusikelo," anayankha Tisungeni.

"Ha! Ndamumva ndili muno?"

Kenako dokotalayo anaima kumbuyo kwawo, anatseka khutu limodzi ndi chala, n'kumanong'ona manambala kuti agogo azibwereza. Khutu lamanja linagwira ambiri. Lamanzere linagwira nambala imodzi yokha.

"Lamanjali labwerako," anatero atakhalanso kutsogolo kwawo. "Lamanzereli linapita ndi makina aja, silibwerera mwakale. Ndikulemberani kalata mupite kuchipatala chachikulu cha Gulupu, kumene kuli akatswiri a makutu. Akakuyezani bwinobwino, ndipo mwina akakuuzani kuti muzivala kachipangizo kothandiza kumva. Musadzachite nako manyazi. Ine ndavala magalasi awa, wandiseka ndani?"

Ndiye anatembenukira kwa mayi Martha.

"Mayi, inu ndinu mwana wawo? Mankhwala aakulu ali ndi inu. Mwambo wathu ndikuudziwa, inenso ndinaleredwa momwemo. Koma munthu amene makutu afooka amamva ndi maso omwe. Mukawerama, mwamubisira theka la mawu. Gwadani ngati mukufuna, koma kutsogolo kwawo. Yambani mwawaitana kapena kuwagwira paphewa. Zimitsani wailesi. Muziyankhula mmodzimmodzi, momveka, osakuwa, chifukwa kukuwa kumapweteka m'khutu. Akapanda kumva, bwerezani ndi mawu ena. Musamanene kuti 'basi, zisiyeni,' mawu amenewo ndi amene amatsekera okalamba kunja. Munthu akasiya kumva amasiya kucheza. Akasiya kucheza amakhumudwa, mwinanso kuyamba kuiwala, ndiye ife timathamangira kunena kuti mutu wazungulira. Ambiri amabwera muno mochedwa, chifukwa kunyumba aliyense ankaopa kuwauza. Nanga bambowa anawauza ndani?"

Mayi Martha analoza Tisungeni.

"Ndi mwana wangayu," anatero. Ndipo mmene anatchulira mawu akuti mwana wangayu, Tisungeni anadziwa kuti mlandu watha.

Akuyenda kubwerera, agogo anaona tizingwe tomvetsera nyimbo za pafoni tikulendewera m'thumba la Tisungeni. Anaima pansi pa mtengo n'kumuyang'ana.

"Iwe, kufakitale ankatipatsa zotseka m'makutu. Ife tinkaziika m'thumba, n'kumaseka amene ankavala kuti ndi amantha. Tinkati mwamuna weniweni saopa phokoso. Tikaweruka, m'makutu munkalira mpaka kunyumba, ife n'kumati tizolowera. Lero khutu ili lapita, ndipo wamva wekha kuti palibe angalibweze. Inu ana a masiku ano phokoso mumachita kulilowetsa nokha m'khutu, n'kukweza mpaka wokhala pambali kumavina nawo. Chepetsa, Tisu. Makutu ako ali ndi ntchito, ine ndaiona."

Kunyumba, amene anavutika kwambiri anali mayi Martha. Tsiku loyamba anagwada kutsogolo kwa bambo awo kuti awauze kuti madzi osamba atentha, koma maso anakana kudzuka. Anafika pachibwano n'kubwerera pansi.

"Kwezanso pang'ono, Martha," anatero agogo. "Nkhope imeneyo ndinaipukuta mamina ndine."

Mayi Martha anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo zinayamba kuyenda.

6. Loweruka

Galimoto yoyera inafika naini koloko m'mawa kudzatenga mayi Martha ndi Stacy. A Kingsford anasiya injini ikulira, poti sankafuna kukhalitsa. Atalowa pageti anangoti kakasi. Pakhonde panali achimwene awo, atavala jekete, nsapato zikuwala.

"Martha," ananong'ona atatembenukira kumbali, "kodi achimwene akupita kuti?"

"Kingsford," anatero a Mulaviwa, "cheukira kuno. Ukamayankhula za ine uzindiyang'ana."

A Kingsford anacheuka, thukuta lili pamphumi.

"Khala pansi, mng'ono wanga, sindikukalipira. Ulendo watha uja ndinakuchititsani manyazi, ndikuvomera. Mutu wanga uli bwino, koma makutu anga samva bwino. Ndanena ndekha, ndipo kumene tikupitako ndikanenanso ndekha pamaso pa alendo. Ndikawapempha kuti andikhazike pamene ndingaone nkhope za onse, khutu lamanjali lili kwa iwo, ndipo aziyankhula mmodzimmodzi. Iwe ukakhale pambali panga. Ndikaphonya mawu ukandibwerezere. Chimene chinandipweteka si mpando ayi. N'chakuti iwe ndi ine ndife a mimba imodzi, unaona kuti china chake chalakwika, koma sunabwere kudzandifunsa. Amene analimba mtima ndi mwana wa Fomu 3. Tsiku lina nawenso makutu adzafooka, kapena maso. Ndikukupempherera kuti pakhomo pako padzapezeke mwana wotere."

A Kingsford anamasula taye pang'ono. Tanena kale kuti sanali munthu woipa. Anawayang'ana achimwene awo m'maso n'kuyankhula momveka.

"Ndinalakwa, achimwene. Mpando ndi wanu. Ndipo ku Gulupu wokuperekezani ndine."

Tisungeni anali pakhomo la khitchini, mtima utadzaza ndi chimwemwe. Mayi ake anamutsina pang'ono pamkono, kutsina kwa chikondi.

"Tiyeni tsono," anatero a Kingsford, "alendo angatidikire."

Onse ananyamuka kupatula Stacy. Iye anali ataima pakhomo atavala chitenje chatsopano. Masiku onsewa anali akuonerera mwakachetechete zimene Tisungeni ankachita. Tsopano anayenda pang'onopang'ono, ndipo sanapite pambali pa amalume ake monga mwa nthawi zonse. Anagwada kutsogolo kwawo. Mutu unali wolemera kudzuka, koma unadzuka. M'maso munali misozi.

"Amalume, mukundimva?"

"Ndikukumva, mwana wanga."

"Ndinakuuzani katatu konse. Katatu konse munandiyankha kuti zili bwino. Ndinkaganiza kuti mwandikanira."

Nkhope ya a Mulaviwa inasintha. "Unandiuza chiyani?"

"Za ukwatiwu, amalume. Ine mtima wanga sukufuna. Pali zimene Melvin amandichita, zimene sindinauzepo munthu wina aliyense koma inu."

Mayi Martha anakhala pansi pomwe anaimapo. Foni ya a Kingsford inayamba kulira. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana achimwene awo.

"Ndi a ku Soche. Afika pageti kwanga."

A Mulaviwa anavula jekete ija, imene anadikira masabata awiri kuti aivale, n'kuipereka kwa Tisungeni. Anabwerera pampando wawo n'kutembenuzira khutu lamanja kwa Stacy.

"Kingsford, kazimitse galimoto, ikusokosa. Alendo adikire."

Kenako anagwira dzanja la mwana wa mlongo wawo.

"Yambira poyambirira, mwana wanga. Usathamange. Ndikumvetsera."